Za sikana yomwe inasiya kutumiza maimelo: vuto lapezeka

Ndinakufunsani anzanga chifukwa chimene sikana (makina ojambula mapepala) ya ku ofesi yathu ina inasiyira kutumiza makalata titangoika Postfix 3.8.4, pulogalamu yoyendetsa seva yathu ya maimelo. Tsopano ikutumiza, ndipo zikomo nonse amene munandiuza kuti ndiyang'ane mu log, momwe seva imalemba zonse zimene zachitika.

Mmenemo ndinapeza mzere wonena kuti seva yalandira bare LF, kutanthauza mzere wothera ndi chizindikiro cha LF chokha, ndipo yadula kulumikizana. Malamulo a SMTP (njira yotumizira maimelo), olembedwa mu chikalata cha RFC 5321, amafuna kuti mzere uliwonse uzithera ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF (pamodzi CRLF). Sikana yathu, yakalekale, imatumiza LF yokha. Kale Postfix inkangolandira osadandaula. Koma mu Disembala 2023 kunaululika njira ya SMTP smuggling, yomwe akuba amabisira imelo yabodza m'kati mwa ina pogwiritsa ntchito mathero a mizere olakwikawa, n'chifukwa chake tinayatsa smtpd_forbid_bare_newline, chitetezo cha mu Postfix chokana mizere yothera ndi LF yokha. Makina a mu ofesi yaikulu sanakhudzidwe poti ali mu mynetworks, mndandanda wa makina odalirika omwe chitetezochi sichiwakhudza, koma sikanayi ili kunja.

Ena munati ndingozimitsa chitetezocho. Ayi, pamenepo sindinavomere. Kutsegulira akuba khomo chifukwa cha makina amodzi si nzeru. Ndinakwezera ku Postfix 3.8.5 n'kusankha normalize pa chitetezo chomwecho. Seva tsopano imakonza yokha mizere yolakwikayo, koma imaumirirabe kuti mathero a uthenga akhale CRLF, kadontho, CRLF.

Amene muli ndi mapulinta akale otumiza maimelo, yesani kaye normalize musanaike reject, yomwe imakana mizere yolakwikayo.