Ntchito yoyeza madzi otentha ndi mpweya wa m'mapiri ophulika: munthu amayambira pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu amene wamaliza digiri ya chemistry kapena geology, n'kumafuna ntchito yoyeza madzi ndi mpweya wotuluka pansi, ayambe kuphunzira chiyani? Kuyang'anira mapiri ophulika ndi kufufuza magetsi a nthunzi ndi ntchito imodzi kapena ziwiri? Nanga amalemba anthu ndani?

Wa kuphiri: Luso ndi limodzi, chosiyana ndi funso. Wa kuphiri amafuna adziwe ngati chiphalaphala chikukwera, wa magetsi amafuna adziwe kutentha kwa madzi pansipo. Onsewo amagwa kapena kuima pa katengedwe ka sampulo, choncho yambirani pamenepo.

Phunzirani botolo la Giggenbach. Ndi lagalasi, amalichotsa mpweya wonse n'kuthiramo NaOH wosungunula m'madzi, kawirikawiri wa mphamvu ya 4 N. Mumalowetsa paipi ya titanium kapena quartz pamene pakutuluka nthunzi, n'kudikira kuti nthunziyo ithamangitse mpweya wamba m'paipimo. Kenako mumalumikiza botolo ku paipiyo, mumalizondotsa n'kutsegula valavu pang'onopang'ono kuti mpweya uzidutsa m'madzimo ukuwira. CO2, SO2, H2S ndi HCl zimasungunuka mu NaOH, pomwe N2, Ar, He, H2 ndi CH4 zimasonkhana pamwamba. Kuwirako kukayamba kuzilala, tsekani. Opupuluma amalowetsa mpweya wakunja, ndipo ku labu zimaonekeratu: O2 amachuluka, N2/Ar n'kuyandikira 84, ngati wa mpweya umene timapumawu. Ulendo wonse wapita pachabe.

Helium musamuike m'pulasitiki, amathawa. Amafuna paipi yakopa yofinyidwa mbali zonse ziwiri. Ndi wofunika chifukwa 3He/4He amaulula gwero: wochokera pansi kwambiri, ku mantle, amakhala cha m'ma 8 Ra (Ra ndi 3He/4He wa mpweya wamba), wa m'miyala yakale ya pamwamba amatsika mpaka 0.02 Ra.

Masiku ano muyeneranso kudziwa zipangizo ziwiri: Multi-GAS, yoyeza mipweya ingapo nthawi imodzi, ndi DOAS, yoyeza SO2 muli patali pogwiritsa ntchito kuwala. Ku Etna ndi ku Stromboli kwaoneka kuti CO2/SO2 amakwera phiri lisanaphulike, popeza CO2 ndiye amayamba kutuluka chiphalaphala chikadali pansi kwambiri. Pa DOAS, chenjerani ndi liwiro la mphepo: mukaliphonya, kuchuluka kwa SO2 mwakuphonyanso.

Wa zitsime: Ku mbali ya madzi, kasupe mmodzi amafuna mabotolo angapo. Kutentha, pH ndi alkalinity yezerani pomwepo, chifukwa CO2 akathawa pH imasintha. Sefani ndi sefa ya 0.45 µm. Botolo la ma cation thirani HNO3 mpaka pH itsike pansi pa 2, la ma anion musathire kanthu. La silica sungunulani ndi madzi a distilled, gawo limodzi pa magawo 10, apo ayi silica amagwirana madzi akazizira, ndipo geothermometer (njira yowerengera kutentha kwa pansi kuchokera ku zimene zasungunuka m'madzi) ya quartz idzakuuzani kuti pansi mpozizira pamene mpotentha. Zotsatira zikabwera, onani kaye charge balance, kusiyana kwa charge ya ma cation onse ndi ya ma anion onse. Ikapyola 5%, musawerengere chilichonse.

Musakhulupirire geothermometer imodzi. Ikani zotsatira za madziwo pa tchati cha ngodya zitatu cha Na-K-Mg. Akagwera kufupi ndi ngodya ya Mg, ndiye kuti asakanikirana ndi madzi ozizira, ndipo nambala ya Na-K siyodalirika.

Chitsime cha nthunzi yopangira magetsi chikayamba kugwira ntchito, wa chemistry ndiye amachiteteza. Calcite amamatirira pamene madzi ayambira kuwira m'chitsime, silica amatseka mapaipi obwezera madzi pansi. Amene angathe kulosera zimenezi ndi PHREEQC, pulogalamu yaulere ya USGS (bungwe la boma la America loona za miyala ndi madzi), sachedwa kuonedwa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga za olemba ntchito?

Wa ku labu: Ku mapiri kuli bungwe la INGV ku Italy, USGS ku America, ndi malo oyang'anira phiri la Nyiragongo ku Goma, m'dziko la DR Congo. Ku magetsi kuli KenGen ya ku Olkaria ndi GDC ya ku Menengai ku Kenya, komanso ÍSOR ku Iceland. Malo a ntchito za mapiri ndi ochepa ndipo a kafukufuku amafuna PhD. Makampani a zitsime amatenganso a digiri yoyamba kapena masitazi. Ku Iceland kuli maphunziro a za kutentha kwa pansi pa nthaka a miyezi isanu ndi umodzi otchedwa GRÓ GTP, amene adayamba mu 1979, koma amatenga anthu amene ali kale pa ntchito yotereyi.

Chimene ndikukupemphani n'choti za chitetezo muziphunzire musanapite kuphiri. H2S akafika cha m'ma 100 ppm mphuno imaleka kumva fungo lake, munthu n'kumayesa watha. CO2 ndi wolemera, amakhazikika m'zigwa ndi m'maenje. Ndi amene adapha anthu opitirira 1,700 ku nyanja ya Nyos ku Cameroon mu 1986. Kachipangizo kochenjeza kazikhala pachifuwa, muime kumene mphepo ikuchokera, ndipo m'dzenje musatsike muli nokha.