Thandizo la matikiti ndi ma visa a gulu la Tchopa lopita ku Scotland, tiyambire pati?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndine mlembi wa gulu lovina Tchopa kuno ku Phalombe. Anzathu a ku Scotland atiitana kukavina ndi kukaphunzitsa ana asukulu m'mwezi wa August. Iwo ati malo ogona ndi chakudya n'zawo, koma matikiti a ndege ndi ma visa tidzionere tokha. Apa ndiye tagwira njakata.

Tinapita ku ofesi ina ya boma, anatilandira bwino ndithu, nkutipatsa kalata yotivomereza, koma za ndalama anati tidikire bajeti. Kalata yokhayo sikweretsa munthu ndege. Bungwe lothandiza aluso pa maulendo la Art Moves Africa tayang'ana, iwo amalipirira maulendo a mkati mwa Africa mokha. Makampani omwe tinawalembera onse ali zii.

Gulu lathu ndi lolembetsedwa, akaunti ya kubanki ilipo, kalata yotiitana ili m'manja, mapasipoti ena akadali m'njira. Ng'oma zathu nazo n'zazikulu, zachikopa cha ng'ombe, ndiye katundu yekhayo adya ndalama zambiri. Tchopa uyu UNESCO inamuika pa mndandanda wake wa miyambo ndi zikhalidwe za padziko lonse mu 2014, kotero tikapita tikaimira dziko, osati mudzi wathu wokha.

Funso langa: alipo amene anapezako ndalama za Connections Through Culture, thandizo la British Council lolumikiza aluso a ku UK ndi a maiko ena, popeza mnzathu wa ku UK tili naye? Nanga Copyright Fund ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, imalipirako maulendo akunja? Amene munadutsamo, chonde tiuzeni mapepala omwe anakufunsani.