Kodi munthu wotopa ndi kudwazika ayambire pati, mindfulness kapena chifundo?

Anzanga, ndigaireni nzeru. Ndikudwazika mayi anga, ndipo masiku ena mtima umangouma: manja akuwamwetsa mankhwala, koma maganizo ali kutali.

Ndawerenga za MBSR, maphunziro a mindfulness (kuika maganizo onse pa zomwe zikuchitika panthawiyo) a masabata 8 omwe Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku University of Massachusetts. Munthu amakhala phee, n'kumatsatira mpweya ukamalowa ndi kutuluka, osadziimba mlandu maganizo akathawa. Koma chandigwira mtima kwambiri ndi kafukufuku wa Tania Singer ndi Olga Klimecki. Iwo anapeza kuti kumva ululu wa mnzako ngati wako n'kosiyana ndi chifundo, chomwe ndi kumufunira zabwino mwachikondi. Mbali za ubongo zomwe zimadzuka n'zosiyananso, ndipo choyambacho chimalemetsa mtima pomwe chachiwiricho chimaupepuza. Ine ndikuona kuti ndamira m'choyambacho.

Ndiye ndiyambe ndi kutsatira mpweya, kapena ndilunjike pa kuphunzira chifundo? Chinanso chikundivutitsa: muyeso wa kudzichitira chifundo womwe Kristin Neff anatulutsa mu 2003 umadalira mayankho omwe munthu amapereka yekha. Alipo mwa inu amene anayesapo njirazi, mpaka apabanja pake n'kuona kuti wasinthadi kachitidwe?