Kodi Louis Robichaud anachitanji kuti Chifalansa chilandire ulemu ku New Brunswick?

Nachisale wa ku Chirunga:

Akuluakulu, ndithandizeni. Gulu lathu lapatsidwa ntchito yofananitsa ndime 26 ya malamulo oyendetsera dziko lino, ija yopereka ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene munthu wasankha, ndi zimene maiko ena anachita. Dzina la Louis Robichaud wa ku Canada likungobwerabwera. Anali ndani mkuluyu? Nanga lamulo lake la zilankhulo la 1969 linasinthadi zinthu, kapena linathera pa pepala?

Aphunzitsi a Chifalansa, Matawale:

Achemwali, musayambire pa 1969, mungasokere. Yambirani pa msonkho.

New Brunswick ndi chigawo cha kum'mawa kwa Canada, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse kumeneko amalankhula Chifalansa. Ambiri ndi a mtundu wa Acadian, zidzukulu za anthu amene Angerezi anawathamangitsa m'minda yawo kuyambira mu 1755. Robichaud anabadwa mu 1925 ku Saint-Antoine, anali loya, analowa m'nyumba ya malamulo ya chigawo mu 1952 ngati phungu wa dera la Kent, anakhala mtsogoleri wa chipani cha Liberal mu 1958, ndipo mu 1960 anakhala nduna yaikulu ya chigawo ali ndi zaka 34. Anali mu Acadian woyamba kupambana mpandowo pa chisankho.

Vuto limene anapeza linali ili: sukulu, zachipatala ndi chithandizo cha osauka zinkalipiridwa ndi misonkho ya makhonsolo a m'madera. Madera a kumpoto ndi kum'mawa, kumene olankhula Chifalansa anachuluka, anali osauka, choncho ankakhometsa msonkho wokwera koma ndalama n'kumachepabe. Mphunzitsi wa kumeneko ankalandira zochepa poyerekeza ndi mnzake wa mu mzinda wa Saint John, ntchito ili yomweyo. Ndiye pansi pa ndondomeko ya Equal Opportunity, imene inayamba mu 1967, anathetsa makhonsolo aja, boma la chigawo n'kutenga maphunziro, zaumoyo, chithandizo cha osauka ndi makhoti. Madera oyendetsera sukulu anawachepetsa kuchoka pa 422 kufika pa 33, malipiro a aphunzitsi n'kukhala ofanana chigawo chonse. Izi zisanachitike, mu 1963, anali atakhazikitsa kale Université de Moncton, yophunzitsa m'Chifalansa.

Zinamuvuta kwambiri. Mpondamatiki K.C. Irving anakangana naye, ndipo otsutsa ankati akulanda za Peter (olankhula Chingerezi) kuti apatse Pierre (olankhula Chifalansa). Anapambanabe mu 1967, koma mu 1970 anagonja kwa Richard Hatfield. Robichaud anakakhala senator, phungu wa nyumba yachiwiri ya malamulo ya Canada, kuyambira 1973, ndipo anamwalira mu 2005.

Wazamalamulo wa ku Chinamwali:

Aphunzitsi anena zoona, ine ndingoyankha funso lachiwiri lija. Lamulo la 1969 linati Chingerezi ndi Chifalansa n'zofanana m'nyumba ya malamulo, m'makhoti ndi m'maofesi a boma la chigawo. Koma ndime zake sizinayambe kugwira ntchito tsiku limodzi, zina zinadikira mpaka 1977. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Kuti munthu aweruzidwe m'Chifalansa pamafunika malamulo onse omasuliridwa, mawu a zamalamulo ogwirizanidwa, kalaliki wodziwa kulemba m'chilankhulocho, ndi woweruza womva yekha popanda womasulira. Zinthu zotere sizipezeka chaka chimodzi. Sukulu ya zamalamulo ya ku Moncton, yophunzitsa common law, malamulo ochokera kwa Angerezi, m'Chifalansa, inatsegulidwa mu 1978, patapita zaka 9.

Chachiwiri, lamulo wamba boma lotsatira likhoza kulifafaniza. Mwayi wake unali woti Hatfield, wa chipani cha Progressive Conservative komanso wolankhula Chingerezi, anapitiriza ntchitoyo m'malo moigwetsa. Mu 1981 anakhazikitsa lamulo lovomereza kuti magulu awiriwa, olankhula Chingerezi ndi olankhula Chifalansa, ndi ofanana ndipo lililonse likhale ndi masukulu ndi mabungwe akeake. Mu 1982 ufulu wa zilankhulo wa New Brunswick unalowa mu ndime 16 mpaka 20 za Charter ya Canada, gawo la maufulu m'malamulo oyendetsera dzikolo, ndipo mu 1993 panawonjezedwa ndime 16.1 yokhudza kufanana kwa magulu awiriwo. Apa ndiye panakhomedwa msomali.

Ngakhale zinali choncho, mizinda inkazembabe. Mu 2001 khoti la apilo, pa mlandu wa Charlebois, linagamula kuti malamulo a mzinda wa Moncton olembedwa m'Chingerezi chokha ndi osavomerezeka. Chaka chotsatira boma la chigawo linakonza lamulo latsopano lokhudzanso mizinda, ndi makhonsolo amene gulu lochepa pa olankhula zilankhulo ziwirizi lafika 20 pa 100, n'kukhazikitsa ofesi ya komishonala wolandira madandaulo. Mfundo ya komishonala iyi muilembe ndithu, chifukwa ndime 26 yathu siitchula ofesi imene munthu angakadandauleko za chilankhulo.

Che Mbewe, Sadzi:

Chenjezo langa ndi limodzi pofananitsapo. Chifalansa chinali kale ndi mabuku, madikishonale ndi akatswiri ku Québec ndi ku France, choncho Robichaud sanayambire pansi. Kuno, chitachotsedwa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, zilankhulo zina zinakhala zaka zambiri osalembedwa kwenikweni. MBC inabwezera Chitumbuka mu 1994, kenako Chiyao, Chilomwe ndi Chisena mu 1996, chaka chomwenso unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulolo linafooka chifukwa chosowa mabuku ndi aphunzitsi okonzekera, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo.

Achemwali, a Centre for Language Studies ali konkuno ku Zomba. Pitani mukawafunse za kalembedwe ka Chiyao ndi Chitumbuka kamene anakonza, kenako mukakhale tsiku limodzi m'khoti la majisitireti, mumve mmene mboni yolankhula Chiyao imayankhira kudzera mwa womasulira pamene zonse zikulembedwa m'Chingerezi.