Ndikufuna mlakatuli wondithandiza polandira mphoto

Abale anga a ku Joni kuno, ndithandizeni maganizo. Gulu lathu la zisudzo, lomwe timayeserera m'galaja ku Turffontein Lamlungu lililonse, lapata kamphoto, ndipo anzanga asankha ine kuti ndikayankhule. Andipatsa mphindi 2 zokha. M'malo mongotchula maina a anthu owathokoza, ndikufuna kulakatula ndakatulo yaifupi, monga achitira ma imbongi (alakatuli otamanda) a anzathu Achixhosa ndi Achizulu. Koma ine ndine wosewera chabe. Ndinayesa kulemba usiku wathawu, pepala lonse zokhwatcha zokhazokha.

Kodi alipo mlakatuli wa Chichewa kuno amene tingagwirizane? Nanga malipiro amakhala otani, ndipo dzina lake ndilitchule poyamba kapena pomaliza? Chinanso, omvera ambiri Chichewa sachimva. Ndisakanize ndi Chingerezi kapena ndingolakatula m'chathu chomwechi?