Kodi chitetezo cha dziko tingachiyeze poyang'ana magwero a mikangano?

Nachisale, Matawale

Moni nonse. Mzinda wathu wa Zomba uli ndi malo a asilikali a Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi ndi ndende yaikulu, ndipo mumzinda womwewu mulinso likulu la National Statistical Office, kumene amasonkhanitsa ziwerengero za dziko lonse. Anthu akamakamba za chitetezo cha dziko, maganizo awo amathamangira ku malo atatu oyambawo, n'kumafunsa kuti asilikali alipo angati, zida ali nazo zotani, ndipo bajeti yawapatsa ndalama zingati. Koma ndikayang'ana zimene zagwedeza dziko lino m'zaka zapitazi, sindikuonamo mdani wochokera kunja. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ndipo chimene chinatulutsa anthu m'misewu chinali kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kusakhutira ndi kayendetsedwe ka boma. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'madera oyandikana nawo. Mu 2019 zionetsero zokana zotsatira za chisankho zinatenga miyezi yambiri.

Funso langa ndi lakuti, kodi n'zotheka kuyeza chitetezo cha dziko poyang'ana magwero a mikangano, osati mphamvu za asilikali zokha? Ngati n'zotheka, tiziyeza chiyani, ndipo muyeso woterowo tingaukhulupirire mpaka pati?

A Chirwa, Chinamwali

Mayi Nachisale, nkhani mwayambitsayi ena akhala akuifufuza kwa zaka zambiri, choncho ndi bwino tiyambe ndi zimene iwo anachita. Mu 1994 bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, mu lipoti lake la chitukuko cha anthu, linanena kuti chitetezo chiziyezedwa pa moyo wa munthu osati pa malire a dziko okha, ndipo linatchula mbali 7: chuma, chakudya, umoyo, chilengedwe, chitetezo cha munthu payekha, cha gulu limene iye alimo, ndi cha ufulu wake pa ndale.

Kuyambira 2005 bungwe la Fund for Peace la ku Washington lakhala likutulutsa mndandanda woonetsa mayiko amene ali pangozi yosokonekera, umene poyamba unkatchedwa Failed States Index, ndipo kuyambira 2014 umatchedwa Fragile States Index. Amayang'ana zinthu 12, chilichonse n'kuchipatsa mapointi kuyambira 0 mpaka 10, moti dziko likamayandikira 120 ndiye kuti zinthu zafika poipa. Mwa zinthu 12 zimenezi, chimodzi chokha ndicho chimanena za asilikali ndi apolisi a dzikolo. Zinazo ndi monga kugawikana kwa atsogoleri, madandaulo a mitundu ndi zipembedzo, kulowa pansi kwa chuma, chitukuko chokondera madera ena, kuchoka kwa anthu ophunzira kupita kunja, kuchuluka kwa anthu poyerekeza ndi malo ndi chakudya, ndiponso ngati nzika zimalivomereza boma lawo kuti lilipo mwachilungamo. Palinso muyeso wa mtendere wotchedwa Global Peace Index umene bungwe la Institute for Economics and Peace la ku Sydney linayamba mu 2007. Bungwe limeneli limatsatira maganizo a Johan Galtung wa ku Norway, amene anasiyanitsa mtendere wongotanthauza kuti mfuti sizikulira ndi mtendere umene uli ndi chilungamo ndi mabungwe ougwiriziza.

Choncho yankho langa ndi lakuti n'zotheka, koma tisaikhulupirire mopitirira miyeso imeneyi. Mu 2010 mayiko a Tunisia ndi Libya sanali pakati pa mayiko amene mndandanda wa Fund for Peace uja unkawaika pangozi yaikulu, komabe chaka chotsatira maboma onse awiri anagwa.

Che Mbwana, Songani

Bambo Chirwa afotokoza bwino, koma ine ndikufuna kutsutsa ganizo limene ambiri amalitenga ngati lodziwikiratu, lakuti umphawi ndiwo umabala nkhondo. Kafukufuku wa m'makomo wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti anthu opitirira pang'ono theka la Amalawi ndi osauka. Dziko lino linaona njala yoopsa mu 2002, linalandira anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique nkhondoyo isanathe mu 1992, komabe silinagwepo m'nkhondo yapachiweniweni. Tikanati tiziyeza ndi umphawi wokha, bwenzi dziko lino litapsa kalekale.

Tayang'anani kwa anansi athu ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Chigawo chimenechi chili ndi gasi wochuluka m'nyanja komanso miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez, koma zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017. N'zoona kuti ziphunzitso zachiwawa zinalowererapo, koma zinapeza achinyamata amene ankaona chuma chikutuluka m'dera lawo iwo alibe ntchito, ndipo ankaona kuti alibe kokadandaula. Chimene chimayatsa moto si kusauka kokha ayi, koma munthu akakhulupirira kuti iye ndi anthu a kwawo akusauka chifukwa ena akuwamana dala, ndiponso kuti palibe khomo limene angagogode n'kumveredwa.

Mbiri yathu ikuonetsa mbali inayo. Mu 1992 mipingo ndi magulu ena anakhazikitsa Public Affairs Committee, pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu yosankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, kenaka anabwerera kumabalaki osalanda boma. Mu 2019 asilikali omwewo ankayenda m'mbali mwa ochita zionetsero powateteza, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, chisankho chatsopano n'kuchitika pa 23 Juni. Mkwiyo unalipo waukulu, koma unapeza njira yodutsamo. Choncho ine ndikanapatsidwa ntchito yoyeza chitetezo cha Malawi, ndikanayamba ndi kufunsa anthu ngati amakhulupirira makhoti, apolisi, asilikali ndi bungwe loyendetsa chisankho, n'kuona ngati mayankhowo akusiyana kwambiri pakati pa Kumpoto, Pakati ndi Kum'mwera. Mafunso otere amafunsidwa kale pa kafukufuku wa Afrobarometer, amene kuno kwathu wakhala akuchitidwa ndi Centre for Social Research ya pa yunivesite konkuno ku Zomba. Chikhulupiriro chimenechi chikayamba kutsika, ndipo chikamatsika kwambiri m'chigawo chimodzi, ngozi yayandikira ngakhale m'misewu muli bata.

Mayi Nabanda, Jali

Ndikugwirizana ndi Che Mbwana, koma nkhawa yanga ili pa kukula kwa dera limene tikuyeza ndi nthawi imene ziwerengero zimafika. Nambala imodzi ya dziko lonse imabisa zambiri. Nsanamira yodyedwa ndi chiswe imaoneka yolimba kufikira tsiku limene idzagwe, ndipo dziko lingathe kuoneka la mtendere pa mndandanda wa ku Washington pamene dera la mfumu yaikulu imodzi lafika kale poti anthu sakupitanso kupolisi akagwira wakuba.

Ife okhala kufupi ndi nyanja ya Chilwa tikudziwa mmene mavuto amatsatizirana. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Madzi akaphwa, asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi amasowa matemba ogulitsa, amene amanyamula nsomba pa njinga amasowa chonyamula, ndipo onsewa amatembenukira ku madambo kukafuna polima mpunga, ena kukwera phiri kukaotcha makala. Pamenepo milandu ya malire a minda imachuluka kwa mafumu. Onjezerani namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, kumene kunakweza mtengo wa feteleza ndi katundu yense, ndi ng'amba ya 2024 imene inachititsa kuti boma lilengeze za tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28. Banja limodzi lomwelo lakumana ndi zonsezi motsatizana lisanapezenso mphamvu.

Kalembera amachitika kamodzi pa zaka 10. Wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi theka lawo osakwana zaka 18, ndipo chiwerengero chimenechi n'chofunika pokonza za m'tsogolo, koma sichingatichenjeze za mwezi wamawa. Zimene zingatichenjeze msanga ndi mtengo wa ndowa ya chimanga poyerekeza ndi malipiro a ganyu wa tsiku limodzi, chifukwa pamene ganyu wa tsiku lonse sakugulanso chakudya cha tsikulo, kuba m'minda kumayamba. Chinanso ndi kuchuluka kwa anthu amene aphedwa kapena kumenyedwa ndi gulu powaganizira umbava kapena ufiti, pakuti mlandu uliwonse wotere ndi umboni wakuti anthu ataya chikhulupiriro mwa apolisi ndi makhoti. Lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 linakhazikitsa komishoni ya dziko lonse ndi makomiti a m'maboma, ndipo ine ndikuona kuti makomiti amenewa ndiwo oyenera kulemba zinthu zotere mwezi ndi mwezi.

A Gomani, msilikali wopuma, Sadzi

Ndawerenga zonse mwalemba, ndipo zambiri ndikuzivomereza, koma ndili ndi machenjezo awiri. Loyamba ndi lakuti tisafike ponena kuti asilikali ndi malire alibenso ntchito pa muyesowu. Nkhani ya malire a pa nyanja ya Malawi ndi dziko la Tanzania, imene gwero lake ndi pangano la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, inabukanso mu 2012, ndipo zigawenga za ku Cabo Delgado zili m'dziko limene latizungulira mbali zitatu. Dziko liyenera kudziwa ngati lingathe kulondera malire ake.

Chenjezo lachiwiri ndilo limandisowetsa tulo. Tikayamba kutcha njala, ulova ndi milandu ya minda kuti ndi nkhani za chitetezo, pali ngozi yakuti olamula adzayankha ndi zida za chitetezo. Dera limene lalembedwa kuti lili pangozi likhoza kulandira galimoto ya apolisi ndi utsi wokhetsa misozi m'malo mwa chimanga ndi woweruza milandu, ndipo achinyamata a kabaza akhoza kumaonedwa ngati oopsa chabe chifukwa chakuti ndi ambiri ndipo alibe ntchito yokhazikika. Muyeso wotere ukakhala m'manja mwa achitetezo okha, mobisa, udzasanduka mndandanda wa anthu oti aziwalondalonda.

Nachisale, Matawale

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Gomani, chenjezo lanu lachiwiri ndalimva, ndipo ndikuona kuti yankho lake lili pa amene akusunga ziwerengerozo. Ngati zikusonkhanitsidwa ndi ofesi ya ziwerengero pamodzi ndi makhonsolo, n'kumasindikizidwa poyera boma ndi boma, phungu, mtolankhani ngakhalenso mfumu akhoza kufunsa chifukwa chake dera lina lalandira apolisi pamene chimene chakwera kumeneko ndi mtengo wa chimanga. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zimene boma likusunga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho maziko ofunsira alipo.

Mayi Nabanda, ndikupempha mutithandize pa mfundo imodzi. Kodi mitengo ya chimanga ya pa misika ya Jali ndi Mayaka alipo amene amailemba sabata iliyonse, ndipo milandu ya minda imene imathera kwa agulupu ndi mafumu aakulu imalembedwa m'buku lililonse limene khonsolo ingathe kuliona?