Ndalama tinasonkhera denga la CBCC, tsopano mjigo wafa

Mlembi wa CBO, Khombedza
Anzanga ndithandizeni msanga, sindinagone. Khitchini ya CBCC yathu, sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi muno, ilibe denga, alezi amaphikira phala pansi pa mtengo wa mango, mvula ikayamba ana sadya. Mu Ogasiti tinatsegula gulu la pa WhatsApp la ana a kuno omwe ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Tinapempha za malata, matabwa ndi misomali, basi. Zalowa K780,000, zina pa Airtel Money, zina pa Mpamba, a ku Joni pa Mukuru. Makoma anamanga kale anthu a m'mudzi, njerwa anaumba okha.

Ndiye Lachiwiri mjigo wa pafupi ndi CBCC wafa. Mekaniki wa mijigo wa dera lino wasolola zonse, akuti ma rod (ndodo zachitsulo zopopera madzi) awiri adyeka ndi dzimbiri, foot valve (valavu ya pansi yogwira madzi) yatha, paipi imodzi yang'ambika. Komiti ya mjigo ili ndi K35,000 yokha, anthu anasiya kusonkha chikololereni. Midzi itatu imatunga pamenepo ndipo amayi ayamba kale kupita kudambo. Dzulo a Gulupu anandiitanitsa, a tcheya a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ali pomwepo, akuti ndalama zili m'foni mwanumo, tapaniko mukonze mjigo. Inde zili pa nambala yanga, ndikudziwa, musandiuze. Koma pali mnyamata wa ku Joni amene anapereka pafupifupi theka, sabata iliyonse amafunsa chithunzi cha malata. Nditape kapena ndikane? Ndikakana ndiziyenda bwanji m'mudzi muno?

Field officer, Chipoka
Achimwene mwati tisakuuzeni koma ine ndikuuzani. Vuto lanu si mjigo ayi, ndi nambala yanuyo. Ndalama ya gulu imakhala ku akaunti ya banki, osainira atatu. Zikanakhala choncho a Gulupu sakanaitana inu nokha, akanaitana komiti.

Mekaniki wa mijigo, Benga
Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev eti? Musanakambe za ndalama, mnzangayo akuonetseni zomwe wachotsa, muzigwire ndi manja. Sindikumunena, koma ena a ife timawerengera timphira ting'onoting'ono ta U-seal ndi bobbin ngati silinda yonse. Zipangizo mukagule nokha ndi munthu wa komiti, lisiti m'thumba. Ma rod mugule a stainless. Mbali za kunyanja kuno madzi ena ndi amchere, agalavanaizi sachedwa, mudzalira kachiwiri. Ndiponso mutu wa mjigo asausiye womasula usiku, akuba sagona.

Ine chaka china komiti inafuna kupulumutsa ndalama, anamata paipi yong'ambika poiwotcha pamoto m'malo mogula soketi ndi guluu wa mapaipi (solvent cement). Patangotha sabata ziwiri mapaipi onse anagwera pansi pa chitsime. Ndinawedza masiku atatu, dzuwa lili pamutu, amayi atandizungulira ndi zidebe ngati ndine ndaononga.

Mlezi wa CBCC, Ngodzi
Bambo mlembi, ine ndifunse. Mukuti wa ku Joni anapereka theka. Theka la chiyani? Njerwa zija mwaziika pa mtengo? Nkhuni zootchera uvuni, mchenga womwe amayi anasenza pamutu, chimanga ndi soya zomwe makolo amabweretsa mbale imodzi imodzi kuti tigaitse phala? Alezife sitilandira kanthu mwezi ukatha. Zonsezo sizioneka pa WhatsApp chifukwa zilibe meseji ya transaction. Amene anaumba njerwa ndi omwewo akutunga kudambo lero. Ndipo phala timaphika ndi madzi, sitiphika ndi malata. Kwathu mjigo utafa tinatseka CBCC sabata zitatu, ana ena sanabwererenso.

Wa komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, Dwangwa
Amayi akunena zoona koma achimwene musatape musanafunse. Ine zinandionekera. Madzi atasefukira kuno kumapeto kwa Febuluwale 2024, anthu ali m'makampu m'masukulu, anzathu a m'tauni anasonkha kuti tigule mabulangete. Titafika pakampu tinapeza mabulangete ena afika kale, chosowa chinali mapoto ndi zidebe, mabanja angapo akudikirana poto mmodzi. Ndinagula mapoto. Malisiti onse ndinali nawo, zithunzi ndinatumiza. Munthu mmodzi yekha analemba kuti "ife tinapereka za mabulangete", basi moto unabuka. Ena anayamba kufunsa ngati njinga yanga yamoto ndi yatsopano. Njinga ya 2019! Gulu lija lilipo mpaka lero koma mukaikapo pempho, ngakhale la maliro, anthu amangowerenga. Mapoto anathandiza, sindikana, koma ulendo wina sindingapangenso.

Field officer, Chipoka
Mwaona? Nayenso anali yekha. Pakanakhala osainira atatu ndi maminitsi a msonkhano, za njingazo sizikanabwera. Akaunti, achimwene.

Mlembi wa CBO, Khombedza
A Chipoka, banki ili ku boma. Ndikwere kabaza, ndikwere minibasi, osainira atatu tonse, kalata ya a Social Welfare, ndiye mwezi uliwonse azidula zawo pa kandalama komweka. Tinayesa kale, akaunti inagona mpaka anaitseka. Komanso ndikufunsa za sabata ino. Ndalemba pa gulu lija m'mawa kufotokoza zonse, asanu ndi mmodzi ati konzani mjigo, awiri ati ayi, ena zii. Wa ku Joni wawerenga, tizizindikiro tabuluu, sanayankhe.

HSA, Lifuwu
Pamene mukukangana za denga, mwauza HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lanulo? Muuzeni lero, ayambe kugawa klorini wa 1% khomo ndi khomo. Mwaiwala 2022 ndi 2023? Kolera uja anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima ndi Nkhotakota, sanatisiye. Ine ndinagona mu tenti ya odwala masiku amene sindifuna kuwakumbuka. Mvula yoyamba ikakokolola zonse za kutchire kupita kudambo komwe amayi akutungako, mudzaona. Ndipo CBCC musaphikire madzi amenewo osathira mankhwala, ana aang'ono sapirira kutsegula m'mimba.

Msungichuma wa pa mzikiti, Nkhotakota boma
Assalam alaikum nonse. Achimwene, pa opereka aja ngati pali Asilamu afunseni kuti anapereka ngati chiyani. Zakaat, chopereka chalamulo cha Asilamu, ili ndi magulu ake asanu ndi atatu oyenera kulandira, simungangoisuntha mmene mwafunira. Ngati ndi sadaka wamba nkhani ndi yopepuka, koma mwini wake avomerebe. Chinanso, bwanji osayambitsa chopereka china cha mjigo pachokha? Kwa ife kupatsa anthu madzi ndi sadaka yopitirira, anthu saumira. Lankhulani ndi a shehe alengeze Lachisanu ikatha swala, abusa ndi akatekisiti alengeze Lamulungu. Ife tinakonzapo chitsime chotero, asodzi anapereka usipa, tinagulitsa pamsika. Sizinakwane zonse koma zinafika patali.

Wa banki mkhonde, Thavite
Kapena komiti ya mjigo ikongole ku banki mkhonde ya m'mudzimo, izibweza ndi zosonkha za pamwezi.

Mlezi wa CBCC, Ngodzi
Asisi, Disembala ali pafupi, magulu akutolera kuti agawane, ndani akongoze pano? Ndiye chiwongoladzanja chake mukuchidziwa. Komiti yomwe yalephera kutolera K500 pakhomo ibweza bwanji? Adzalanda mbuzi za msungichuma.

Mphunzitsi wopuma, Senga Bay
Ana anga, funso lomwe palibe wafunsa: n'chifukwa chiyani anthu anasiya kusonkha za mjigo? Midzi itatu, K35,000? Kapena njala, kapena pali amene anadya ndipo anthu akudziwa koma sakunena chifukwa ndi mphwake wa mfumu. Mukathira ndalama za denga mmenemo mwaphimba dzenje, ndipo anthu aphunzira kuti mjigo ukafa ana a ku Joni alipo. Ndakhala m'makomiti a sukulu zaka zambiri, ndinaona thumba la chitukuko likusanduka thumba la chilichonse: lero mpira, mawa maliro a mlamu wa tcheya. A Gulupu aitanitse msonkhano wa midzi yonse itatu, buku la komiti liwerengedwe mokweza pabwalo. Ngati mutapeko, ikhale ngongole yolembedwa, a Gulupu adinde chidindo chawo.

Komanso musasunge ndalamayo nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ife tinali ndi ndalama ya simenti m'manja, matumba omwe tinawerengera sanakwanenso. Gulani malata ngakhale theka, aziwaona ali m'nyumba.

Field officer, Chipoka
A aphunzitsi mwanena bwino, ngongole yolembedwa. Koma ikabwezedwa ilowa kuti? M'foni momwemo? Foni ikabedwa pa Kamuzu Road? Mlembi akadwala? Ine ndinaikapo maliro a msungichuma wina, PIN anapita nayo kumanda, tinayenda miyezi ndi makalata. Ndinenanso, osainira atatu.

Mekaniki wa mijigo, Benga
Madala a Chipoka, akauntiyo ndi yomwe isolole ma rod? Mlembi, mufunseni mnzangayo kuti chitsimecho ndi chakuya ma rod angati, ndipo paipi yang'ambika ndi ya pamwamba kapena ya kumunsi. Ngati ndi imodzi yokha mtengo wake sungafike n'komwe pa theka la ndalama zanuzo. Tumizani chithunzi cha foot valve ndione.

Wa komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, Dwangwa
Wa ku Joniyo muimbireni, osalemba. Anyamata amenewa amagwira ntchito mpaka usiku, ndipo amaopa kudyeredwa chifukwa ambiri anatumizapo ndalama ya nyumba n'kudzapeza maziko okha. Ngati mayi ake ali m'mudzimo, apite ndi chidebe chawo alankhule naye pa video.

Kalipentala, Salima boma
Pepani ndalowerera. Khitchiniyo ndi mamita angati? Pa khitchini musagule malata opyapyala a 32 geji, utsi ndi chinyezi zimawadya msanga, bola 28 ngakhale achepe. Musiyenso mpata pamwamba pa khoma utsi uzituluka.

Wa banki mkhonde, Thavite
A kalipentala, 28 geji ya mafiti 10 ikupita pa zingati pano ku boma? Tikufuna kufolera tchalitchi.

Kalipentala, Salima boma
Zikusintha sabata iliyonse mayi, ndikadutsa ku hardware mawa ndikuuzani.

HSA, Lifuwu
A mlembi, klorini uja wafika? Kuno kwachita mdima mbali ya ku Dedza.